Utsi wa Maiko Akutali ndi Mvula ya Kumudzi

Nkhani iyi inakambidwa pa msonkhano wa mafumu ndi aphunzitsi, ndipo yalembedwa muno kuti amene sanafikeko aiwerenge okha, ndiponso awawerengere anzao a m'midzi.

Alimi ambiri m'Malawi akudandaula kuti mvula siisunganso nyengo yake. Kale chizimalupsa chikagwa mu October, munthu anali kudziwa kuti ayenera kufulumira kutsiriza mizere, pakuti mvula yobzalira inali pafupi. Masiku ano chaka china mvula ichedwa kufikira Khirisimasi. Chaka china iyamba bwino, koma idula chimanga chili pafupi kumasula. Chaka china igwa yonse m'masiku atatu okha ndi kukokolola minda ndi nyumba zomwe. Anthu akafunsana chifukwa chake, mayankho achuluka. Ena ati mizimu yakwiya. Ena ati pali munthu amene wamanga mvula, ndipo m'midzi ina nkhalamba zosalakwa zatukwanidwa, zina kumenyedwa kumene, chifukwa cha mau otere. Tsono nkofunika kuti mafumu ndi aphunzitsi adziwe chimene akatswiri a za nyengo anapeza, ndi chimene maiko a dziko lapansi akuchitapo, kuti mlandu usagwere munthu amene sanaupalamule.

Mpweya umene uli ngati bulangete

Dzuwa likawala litenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo kutentha kumeneku kubwereranso kumwamba, usana ndi usiku womwe. Koma mumlengalenga muli mpweya wina, wochedwa mpweya wa kaboni, umene ugwira gawo la kutenthako kuti kusathawe konse. Mpweya umenewu suoneka ndipo sununkha. Uli ngati bulangete lofunda dziko lonse. Popanda bulangete lotere dziko likadazizira koopsa, kotero mpweyawu pa wokha si mdani iai. Bvuto lidza pamene bulangete likula mopitirira muyeso.

Chinthu chilichonse chikapsa chitulutsa mpweya wa kaboni: nkhuni, udzu, makala, malasha, petulo ndi dizilo. Mtengo pokula umwa mpweya umenewu ndi kuusunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu. Ukadulidwa ndi kuotchedwa, uubweza. Malasha ndi mafuta a galimoto ndi zotsala za zomera ndi tizilombo za kalekale, zimene zinakwiririka pansi zaka zosawerengeka. Anthu a ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya atayamba kukumba malasha ochuluka oyendetsera makina, zaka zoposa 200 zapitazo, anayamba kutulutsa m'kanthawi kochepa mpweya umene nthaka inausunga nthawi yonseyo. Ndipo gawo lina la mpweyawu likhala mumlengalenga zaka mazana ambiri.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1896 katswiri wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengera kuti mpweya wa kaboni ukachuluka dziko lidzatentha. Mu 1958 Charles David Keeling wa ku America anayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, kutali ndi utsi wa m'mizinda. Anapeza kuti pa timagawo ta mpweya miliyoni imodzi, pafupifupi 315 tinali ta kaboni. Makina a malasha asanachuluke tinali pafupifupi 280. Mu 2013 tinafika 400, ndipo mu 2024 tinali titapitirira 420. Chaka chomwecho cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire anthu kulemba za nyengo. Dziko lonse linali lotentha ndi digiri imodzi ndi theka kuyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900.

Munthu angafunse kuti, kodi digiri imodzi ndi kanthu? Mwana akatentha thupi ndi digiri imodzi kapena awiri, make sagona tulo. Dzikonso nchimodzimodzi. Mpweya ukafunda ndi digiri imodzi, madzi amene usenza aonjezeka ndi magawo 7 pa 100 alionse. Kotero mvula ikagwa, igwa yamphamvu. Kutentha kuumitsanso nthaka msanga, ndipo ng'amba ya milungu iwiri ipweteka mbeu kuposa kale.

Pano payenera kuchenjera. Chilala chinalipo ndi kale lomwe. Akuluakulu akumbukira njala ya 1949. Chilala cha 2024, pamene Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinadza makamaka ndi kufunda kwa nyanja ya Pacific kochedwa El Niño, kumene kubwera pakapita zaka zingapo. Sikuti tsoka lililonse lichokera ku utsi. Koma akatswiri amene anafufuza za anamondwe a mu 2022, pakati pao namondwe Ana, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mphamvu ya mvula yao.

Anasonkha moto ndani?

Mpweya sudziwa malire a maiko. Utsi wotuluka m'fakitale ya ku China kapena ku Germany usakanizika ndi mpweya wa dziko lonse, ndipo kutentha kwake kufika ku Nsanje ndi ku Karonga komwe. Dziko limene litulutsa mpweya wa kaboni wambiri pa chaka ndi China, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse lapansi. Koma powerenga zaka zonse chiyambire makina, dziko limene latulutsa wambiri koposa ndi America. Africa yense, ndi maiko ake oposa 50, satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta.

Powerenga munthu mmodzimmodzi kusiyana kuoneka bwino. Munthu wa ku America atulutsa matani pafupifupi 14 pa chaka. Munthu wa m'Malawi atulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani imodzi. Ndiko kunena kuti anthu 100 a kuno, onse pamodzi, salingana ndi munthu mmodzi wa kumeneko. Mlimi wa ku Phalombe amene alibe galimoto kapena magetsi sanasonkhe moto umenewu, koma ndiye ayamba kupsa nao, popeza chakudya chake chonse chidalira mvula.

Misonkhano ya maiko

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Dziko limodzi likachepetsa utsi wake anzake osachepetsa, phindu likhala lochepa, ndipo ndicho chifukwa chake nchito imeneyi ifuna pangano la onse. Mu 1988 bungwe la United Nations linakhazikitsa gulu la akatswiri lochedwa IPCC, kuti lisonkhanitse zimene ofufuza a m'maiko onse apeza ndi kuziuza maboma. Mu 1992 atsogoleri anakumana ku Rio de Janeiro, ku Brazil, ndi kugwirizana kuti bvutoli ndi la onse, koma kuti maiko olemera, amene anayamba kutulutsa utsi, ayenera kutsogola pouchepetsa. Dziko la Malawi linasaina nao pangano limeneli. Kuyambira 1995 maiko akhala akukumana pafupifupi chaka ndi chaka, ndipo misonkhanoyi ichedwa COP.

Mu 1997 ku Kyoto, ku Japan, maiko olemera anapatsidwa muyeso wa utsi umene lirilonse liyenera kuchepetsa. Pangano ili linayamba kugwira nchito mu 2005, koma linali lopunduka. America sanalibvomereze, Canada anaturukamo pambuyo pake, ndipo China ndi India, amene mafakitale ao anali kukula msanga, sanapatsidwe muyeso. Mu 2009 ku Copenhagen, ku Denmark, maiko analephera kupanga pangano latsopano lomanga onse. Komabe olemera analonjeza kuti pofika 2020 adzapereka madola a ku America okwana mabiliyoni 100 chaka chilichonse, othandizira maiko osauka.

Pangano lalikulu linadza mu December 2015 ku Paris, ku France, kumene maiko oposa 190 anagwirizana. Anati kutentha kwa dziko kusafike madigiri 2, ndipo ayesetse kuti kusapitirire digiri imodzi ndi theka. Njira yake inali yosiyana ndi ya ku Kyoto. Dziko lirilonse, lolemera ndi losauka lomwe, lilemba lokha zimene lidzachita, liziwerenga poyera, ndipo pakapita zaka 5 lilembanso zoposa zoyambazo. Zili ngati anthu a m'mudzi polambula mseu: aliyense anena yekha pa bwalo kuti alambula kuchokera pati kufikira pati. Koma m'mudzi muli mfumu imene ilipitsa waulesi. Pakati pa maiko palibe mfumu yotere. Chimene chikakamiza dziko kusunga mau ake ndi manyazi ndi maso a anzake basi. America anaturuka m'panganoli mu 2020, anabwereramo mu 2021, ndipo mu January 2025 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti dziko lake liturukemonso.

Ku Dubai mu 2023 maiko analemba kwa nthawi yoyamba kuti ayenera kuyamba kusiya malasha, mafuta ndi gasi popanga mphamvu. Papita zaka zoposa 30 kuchokera ku Rio kuti mau amenewa alembedwe, chifukwa maiko ogulitsa mafuta sanali kuwafuna.

Zimene zatheka ndi zimene zatsala

Kodi tsono misonkhano yonseyi yapindula chiani? Kuyankha koona kuli pawiri.

Zabwino zilipo. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa magetsi a dzuwa unatsika kwambiri, kotero kuti m'maiko ambiri magetsi a dzuwa ndi a mphepo ndiwo otsika mtengo kuposa a malasha. Britain, dziko limene linayamba makina a malasha, linatseka nyumba yake yotsiriza yopangira magetsi ndi malasha, ya ku Ratcliffe-on-Soar, mu September 2024. China, ngakhale aotcha malasha ambiri, ndiye amanganso magetsi a dzuwa ochuluka kuposa dziko lina lirilonse. M'Malawi muno munda waukulu wa magetsi a dzuwa unatsegulidwa ku Salima mu 2021, ndi wina ku Golomoti mu 2022. Pangano la ku Paris lisanachitike akatswiri anali kuopa kuti pofika 2100 dziko lidzatentha ndi madigiri pafupifupi 4. Tsopano mawerengero ao atsikako, ngakhale akali pamwamba pa madigiri 2.

Zobvuta nazo zilipo. Utsi wa dziko lonse sunatsike. Mu 1990 malasha, mafuta ndi gasi zinatulutsa matani oposa mabiliyoni 22. Mu 2024 zinatulutsa oposa mabiliyoni 37. Ndipo popeza mpweyawu ukhalitsa kumwamba, kutentha sikudzabwerera msanga ngakhale maiko onse atasunga mau ao. Mwana amene ali mu Standard 1 lero adzalima m'dziko lotentha kuposa limene agogo ake analimamo.

Za ndalama

Pa ndalama mpamene pali kukangana kwakukulu. Mabiliyoni 100 aja olonjezedwa ku Copenhagen sanakwane mu 2020. Anakwana mu 2022, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali ngongole yoti ibwezedwe. Ku Baku, ku Azerbaijan, mu 2024, maiko olemera analonjeza mabiliyoni 300 pa chaka pofika 2035. Maiko osauka anati nzochepa. Gulu la maiko osaukitsitsa pa msonkhano umenewo linatsogozedwa ndi Mmalawi, Bambo Evans Njewa.

Palinso nkhani ya chipepeso. Ng'ombe za munthu zikadya m'munda wa mnzake, mwini ng'ombe alipa. Lamulo ili alidziwa mwana aliyense. Maiko osauka akhala akunena zaka zambiri kuti amene anatulutsa utsi wochuluka athandize kulipira zimene zaonongeka. Boma la Scotland ndilo linayamba kubvomera ndi kupereka ndalama zotere, pa msonkhano wa ku Glasgow mu 2021, ndipo zina mwa izo zinagwira nchito m'Malawi. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, maiko anagwirizana kukhazikitsa thumba la chipepeso, ndipo ku Dubai mu 2023 analonjeza kuikamo madola pafupifupi mamiliyoni 700.

Ndalama zimenezi zimveka zambiri kufikira munthu ataziyesa ndi tsoka limodzi. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la magetsi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo makina a kumeneko anaima nthawi yoposa chaka. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'Chigawo cha Kumwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 500,000 anathawa m'nyumba zao. Boma litawerengera, linapeza kuti kukonzanso zonse kufuna madola pafupifupi mamiliyoni 680. Ndiko kuti thumba lolonjezedwa ku Dubai, la maiko osauka onse a dziko lapansi, likadatha ndi namondwe mmodzi m'dziko limodzi laling'ono. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Nthumwi za Malawi ziyenera kupitiriza kufunsa ndalamazi mosatopa, pakuti nzoyenera. Koma mudzi umene ukhala pansi kuziyembekeza udzagona ndi njala.

Nanga wa kumudzi achite chiani?

Choyamba ndi mitengo. Kunena zoona, mitengo ya mudzi umodzi siingabweze nyengo ya dziko lonse lapansi. Koma iteteza mudziwo. Phiri lokhala ndi mitengo limwetsa madzi pansi pang'onopang'ono, akasupe osauma. Phiri lometedwa liwataya onse pa tsiku limodzi pamodzi ndi nthaka. Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo nchito imeneyi siingachitikire mu ofesi. Nyengo yobzala mitengo iyamba mu December ndi kutha mu April. Koma kubzala ndi gawo lochepa. Mbande zambiri zifa ndi mbuzi ndi moto wa m'tchire. Nthawi zambiri kusamala mphukira za zitsa zimene zilipo kale kupindula msanga kuposa kubzala zatsopano. Mafumu angathandize kwambiri poika malamulo a nkhalango ya mudzi ndi kuletsa kuotcha tchire posaka mbewa. Mbaula ya dothi ya Chitetezo idya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo amai satopa ndi mtolo tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi munda. Mizere ikhale yopingasa potsetsereka, yotsata akalozera, ndipo m'akalozeramo mubzalidwe udzu wa vetiva. Mapesi asaotchedwe, aphimbire nthaka kuti isunge chinyezi. Mtengo wa msangu uyenera kusiyidwa m'munda, chifukwa uyoyola masamba nthawi ya dzinja, osachititsa mthunzi pa mbeu, ndipo uonjeza chonde. Mlimi wanzeru saika moyo wa banja lake pa chimanga chokha. Abzalanso mapira, mawere, chinangwa, mbatata ndi nandolo, kuti ng'amba ikapha china, china chitsale. Alangizi a zaulimi adziwa mbeu zocha msanga zoyenera dera lirilonse.

Chachitatu ndi kumvera machenjezo. Nthambi ya Boma yoona za nyengo ilengeza pa wailesi mmene dzinja lidzakhalira, ndiponso ichenjeza namondwe akayandikira. Anthu okhala m'mphepete mwa Shire ndi Ruo, ndi a m'munsi mwa mapiri, akamva chenjezo asamuke tsiku lomwelo. Katundu apezeka wina, koma mwana sapezekanso.

Chachinai ndi kuchenjera ndi alendo a malonda. Popeza mitengo isunga mpweya wa kaboni, makampani ena a kunja alipira anthu osunga nkhalango, kuti iwo awerengedwe ngati achepetsa utsi wao. Malonda amenewa angathe kupindulitsa mudzi, angathenso kuupweteka. Mfumu isasaine kapena kudinda chala pa pepala lirilonse isanaitane anthu ake ndi a za nkhalango a Boma. Pepalalo liwerengedwe pa bwalo m'Chichewa, ndipo anthu afunse kuti pangano litenga zaka zingati, ndalama adzalandira ndani, ndiponso ngati amai adzaloledwabe kutola nkhuni ndi bowa m'nkhalangomo.

Aphunzitsi ali ndi mbali yao yaikulu. Sukulu iriyonse ingathe kuika chitini choongoka pa bwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo ana ayese madzi a mvula ndi rula m'mawa uliwonse ndi kulemba m'buku. Pakapita zaka zingapo mudzi udzakhala ndi mbiri ya mvula yakeyake, ndipo alimi adzaona okha mmene nyengo yobzala ikusinthira. Mwana amene waphunzira kuyesa mvula ndi kudziwa kumene ichokera sadzatola mwala kugenda agogo ake dzinja likabvuta.

Nchito yochepetsa utsi ili makamaka m'manja mwa maiko aakulu, ndipo ikuyenda pang'onopang'ono kusiyana ndi kutentha. Nchito yosunga nthaka, madzi ndi miyoyo ya anthu ili m'manja mwa eni mudzi, ndipo ingayambe dzinja lomwe lino. Mafumu akupemphedwa kuitanitsa misonkhano mvula isanagwe, kuti nkhani imeneyi ikambidwe ndi onse, amuna ndi akazi omwe. Amene ali ndi mafunso awapereke kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lao, kapena alembe kalata ku ofesi ya Zofalitsa Nkhani ya m'boma lao.